Utsi wa m'Pikapu ya Amalume

Chinthu choyamba chimene ndimakumbukira ndi chopukusira magalasi. Kanali kachitsulo kopindika, kamutu kake kapulasitiki kosweka mbali imodzi. Pikapu ya amalume inali ndi zitseko ziwiri, koma chopukusira chinali chimodzi, ndipo chinkakhala m'thumba la shati yawo pamodzi ndi bolopeni yosalemba. Ndinachiona koyamba Lolemba la sabata yachitatu ya Meyi, nthawi ili 5 koloko m'mawa. Amalume anandikhazika pampando wa dalaivala, anapukusa galasi lakumanja mpaka pamwamba, anazungulira n'kupukusanso lakumanzere, kenako anazula kachitsuloko n'kubwezera m'thumba.

"Phazi pa faya. Ikazima, undidziwa."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Sitandade 7. Bambo anali atamwalira, ndipo ine ndi amayi tinkakhala kumudzi kwa amayi, kumunsi kwa Golomoti, pafupi ndi minda ya mpunga ya Bwanje. Amalume anali mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini mbumba. Kamunda kamene amayi ankalima anawapatsa ndi iwowo. Pa nkhani ya sukulu yanga womaliza kulankhula analinso iwowo.

Pikapuyo inali ya dizilo, yakale, ndipo inali ndi matenda awiri amene mudzi wonse unkawadziwa. Sitata inafa kalekale, choncho m'mawa anyamata ankaikankha kuti ilire. Chachiwiri, ikaima inkazima yokha, pokhapokha munthu ataponda faya pang'ono. Pamsewu zimenezi sizinkavuta. Koma nthawi yokolola amalume ankalowa nayo m'minda kukapakira matumba a mpunga opita kuchigayo ku Golomoti, ndipo galimoto yodzaza matumba, matayala ali m'dothi lofewa, palibe angaikankhe. Pankafunika phazi. Amalume anabwera kunyumba Lamlungu madzulo kudzauza amayi kuti phazilo likhala langa.

"Ndi mwayi wake," anatero. "Tikapakira ndizimutsitsa pageti la sukulu. Zoyenda wapansi makilomita sikisi zatha."

Amayi anathokoza atagwada. Ine chimwemwe chinandisefukira. M'mudzi monse, mwana wokhala kutsogolo kwa galimoto, pachiwongolero penipeni, ndinali ine ndekha.

Magalasi ankawatseka chifukwa cha mankhusu. Nyengo imeneyo anthu amakhala akupuntha ndi kupeta mpunga m'minda momwemo, ndipo mwera ukawomba mankhusu amauluka paliponse, kulowa m'khosi ndi m'maso, kuyabwa tsiku lonse. Amalume anali atayala nsalu yatsopano pamipando, yabuluu ya maluwa oyera, chifukwa nthawi zina ankanyamula kutsogolo ogula mpunga ochokera ku Lilongwe. "Mankhusu akalowa m'nsalu sachoka," ankatero. Mawu amenewa ndawalemba monga anawanenera, ndipo ndikufuna aoneke papepala. Ankateteza nsalu.

Kupakira kunkatenga ola, nthawi zina ola ndi theka. Injini ikalira kumene, kunja kukuzizira, pansi pa boneti pankamveka kaphokoso kosiyana ndi kulira kwa dizilo, tsi-tsi-tsi, ngati munthu akulavulira pampata wa mano. Injini ikatentha kaphokosoko kankachepa, koma fungo silinkachepa. Linkakwera kuchokera kumapazi, pomwe chitsulo cha chiwongolero chimalowera pansi. Linali ngati la koloboyi wongozimitsidwa kumene, koma lolemera, lomata palilime. Maso ankayamba kuwawa. Kenako mutu, pachipumi, ngati wina waumanga ndi legeni. Kunja ndinkaona anthu akuseka, akusenzetsana matumba, koma mawu awo ankamveka kutali. Tikamanyamuka ndinkasunthira kumanzere, amalume n'kutulutsa chopukusira, kutsitsa galasi lawo, chigongono kunja, mphepo ikuwawomba kumaso. Iwo utsi sunkawapeza.

Teremu yoyamba ndinali nambala 3. Sabata yachiwiri ya ntchito ya fayayo ndinagona nthawi ya masamu, tsaya lili pakope. Aphunzitsi anandidzutsa ndi rula. Tsiku lotsatira anandidzutsa ndi mkwapulo wa bwemba. Anzanga anandipatsa dzina loti Adalaivala, ndipo ndikangoyamba kusinza wina kumbuyo ankaliza hutala ndi pakamwa, kalasi yonse n'kufa ndi kuseka. Pofika kumapeto kwa Juni ndinali nditakwapulidwa kasanu ndi kawiri. Zikwapuzo ndinkaziwerenga. Kukwapula koyambako ndinakhululuka kalekale. Mphunzitsi wa ana odzaza mpaka pakhomo sangadziwe za mwana aliyense tsiku limodzi. Kotsalako sindinakhululuke. Mwana amene anali nambala 3 mu Epulo sasanduka chitsiru mu Juni popanda chifukwa, ndipo kundifunsa sikukanawatengera mphindi imodzi.

Amalume ndinawauza. Ndinati mutu ukundipweteka, m'galimoto mukulowa utsi.

"Dizilo ndi fungo la amuna. Umafuna izinunkhira mafuta odzola?"

Tsiku lina ndinatsegula chitseko pang'ono, mpata wolowa dzanja basi. Anaona ali pamwamba pa matumba. Anatsika, anamenyetsa chitsekocho, anachitsegulanso n'kundipotokola khutu, n'kuchimenyetsanso. Sindinayesenso.

Amayi anaganiza kuti ndi malungo. Anandimwetsa mankhwala a malungo kawiri, osasintha. Chimene chinandipachika chinali choti Lamlungu, tsiku limene galimoto sinkapita kumunda, ndinkadzuka bwinobwino n'kukamenya mpira. Amalume anachigwira chimenecho.

"Matenda odziwa kalendala? Lamlungu amapita kutchalitchi matendawo?"

Kenako anayamba kunena za chamba. Anati maso ofiirawo akuwadziwa, anyamata a pamsika wa Golomoti ndiwo akundiphunzitsa. Amayi anandisecha m'matumba, ananunkhiza zala zanga, ndipo anandifunsa akulira ngati ndikufuna kuwapha. Mkwapulo wa aphunzitsi sunandipweteke ngati funso limenelo.

Chigamulo chinabwera sabata yoyamba ya Julayi. Amalume anakhala pampando pabwalo, amayi pansi, ine nditaima pakhomo.

"Sukulu yamukana ameneyu. Teremu ino ikatha, basi. Azikhala pagalimoto tsiku lonse, aphunzire ntchito."

"Ndamva, achimwene," anatero amayi.

Kunatsala masabata atatu. Ine sukulu ndinkaifuna. Ndinkafuna kusankhidwa kupita kusekondale, ndipo ndinkadziwa kuti mwana wa kwathu akasiya sabwereranso. Ndinayesa kutafuna tsabola m'kalasi, ndinayesa kudzitsina pantchafu mpaka kutupa. Tulo tinkabwerabe.

Lachiwiri lotsatira aphunzitsi anandigwira kolala kuti andidzutse kachisanu ndi chitatu. Anandikweza, mkwapulo uli m'dzanja linalo, kenako anaima. Anaweramira pakhosi langa n'kununkhiza. Anatulutsa mpango wawo woyera wa m'thumba.

"Mina apa."

Ndinamina. Panatuluka zakuda bii. Anayang'ana mpangowo nthawi yaitali, kenako anandifunsa chimene ndimachita m'mawa ndisanabwere. Ndinawauza zonse, za faya, za magalasi, za chopukusira. Iwo ali mnyamata anagwirapo ntchito pachigayo cha dizilo, ndiye zakudazo ankazidziwa. Masana omwewo anandikweza panjinga mpaka kwathu. Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma anaima pabwalo n'kuuza amayi kuti, "Mayi, mwanayu si waulesi, ndipo sasuta. Akumwa utsi. Musakhulupirire ine. Mawa kakhalenimo nokha."

Lachitatu amayi anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi n'kunditsatira kugalimoto. Chibadwire anali asanakhalepo kutsogolo. Amalume anaseka.

"Lero tanyamula abwana a ku Lilongwe? Kwerani, mlongo wanga, koma musaponde nsalu."

Kumunda anapukusa magalasi monga mwa masiku onse. Ine phazi pa faya, amayi kumanzere, manja ali pamiyendo. Patapita mphindi makumi awiri ndinaona akupukuta m'maso. Patapita kanthawi anayamba kumeza malovu pafupipafupi. Kenako anamasula nsonga ya chitenje chawo n'kusanziramo, mosamala, atapinda bwino kuti kadontho kasagwere pansalu ya amalume. Ndikakumbukira kusamala kumeneko mpaka lero mtima umandiwira.

Anatsegula chitseko, koma sanatsike. Anatulutsa mutu n'kuitana mokweza, mawu amene ndinali ndisanawamvepo akulankhula nawo kwa mlongo wawo.

"Achimwene! Galimoto iyi ipite kwa amakaniko lero. Ine sinditsika muno."

Azimayi opeta mpunga anaimitsa malichero. Anyamata osenza matumba anaima, matumba ali pamapewa. Amalume anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndikudziwa tsopano kuti chimene chinawatembenuza sichinali chitenje cha amayi kapena maso anga. Anali maso a anthu. Tinakatsitsa matumba ku Golomoti, tinadutsa geti la sukulu osaima, tinadutsa pa Mua, mpaka ku Mtakataka.

Amakaniko anali bambo wachikulire wovala kofia. Ankagwirira ntchito pansi pa mlambe kuseri kwa masitolo. Ataona pikapuyo ikukhota anapukuta manja.

"Yabweranso?"

Amayi ndiwo anafotokoza. Amakaniko anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati tiizimitse, tidikire izizire. Amalume anati mpunga ukudikira kumunda.

"Udikire. Chitsulo chikatentha chimafufuma, mpata n'kutsekeka, chimandinamiza. Ine ndimafuna chozizira."

Tinadikira maola awiri. Amalume anayenda uku ndi uku akukankha timiyala ndi nsapato. Amayi anapempha madzi n'kuchapa chitenje chawo kuseri kwa mlambe. Injini itazizira tinaikankha tonse, amayi omwe, ndipo italira amakaniko anatsegula boneti n'kukweza chala.

"Mwamva? Tsi-tsi-tsi. Ndi utsi umenewo, ukuthawira panjira."

Anandionetsa kachitsulo ka pampu ya dizilo kamene waya wa faya amakoka, anati ndikagwire ndi dzanja kuti injini isazime. Motero ndinaima pambali pawo ndikuona zonse. Amakaniko anapatsa amalume chisanza.

"Inu bwana, kumbuyo uko. Tsekani kukamwa kwa ekizozi, mugwire ndi phazi. Utsi ukasowa njira yake utionetsa njira yakuba."

Anatola nthenga ya nkhuku pansi. Anaiyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa manifodi, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wochokera mu injini. Nthenga inali phee. Atafika pomwe manifodi imalumikizana ndi paipi yotsikira pansi, nthengayo inanjenjemera ngati ikufuna kubwerera kwa mwini wake. Anathirapo msanga madzi a sopo chitsulo chisanatenthe, thovu linatuluka malo awiri, polumikizira penipenipo ndi chapansi pang'ono. Anati ndisiye, injini inazima.

"Dizilo sabisa," anatero. "Pamene watulukira amasiya mwaye. Taonani, mayi."

Mzere wakuda unachokera polumikizirapo, kukwera pachitsulo chimene chimalekanitsa injini ndi pokhala anthu, n'kukathera pabowo pomwe chiwongolero chimadutsa. Labala yotseka bowolo inali itaola n'kugwa. Ndinapisapo chala. Chinalowa chonse, n'kutulukira mkati, pamwamba pa faya penipeni.

Polumikizirapo panali pokulungidwa ndi chinthu chimene ine ndinkayesa kuti ndi mbali ya injini. Amakaniko anadula waya ndi pulayala n'kuchifunyulula. Chinali chidutswa cha chitini cha mafuta ophikira, mkati mwake momata ndi dothi la pachulu louma. Anachikweza m'mwamba.

"Ntchito yanu iyi, bwana? Wallahi, ndinakuuzani mu Epulo kuti chitini si gasiketi. Ndinati muisiye tsiku limodzi, ndipo musamaikemo munthu ili chiimire." Anatembenukira kwa ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu. "Koma uyu si uja munabwera naye uja. Uja anali wamfupi, wa mpata m'mano. Mutu unasiya kumupweteka?"

Wamfupi wa mpata m'mano anali mwana wawo weniweni wa amalume, amene ankakhala ndi amayi ake kutsidya kwa mtsinje. Amayi anga anali akufinya chitenje. Anasiya. Madzi ankangodontha okha pansi.

"Gwirani ntchito, akulu," anatero amalume. "Sindinabwere kudzacheza."

Ndinene zoona za mmene ndinamvera ine. Ndinachita nsanje. Ndinkayesa kuti woyamba kukhala pachiwongolerocho ndinali ine. Zinandithera pomwepo. Zoti munthu anaona mwana wake akusanza, anamuchotsa pampandowo, anayenda kudzatenga mwana wa mlongo wake n'kulandira zikomo mayi wake atagwada, zinanditengera zaka kuti ndiziike pamodzi. Zoti tsiku limene ankanena za chamba ankadziwa bwinobwino chimene chafiiritsa maso anga, ndinazimvetsa ndili ndi ana anga kale. Anthu amati anali munthu wa nthawi yake, nyengo yokolola ndi yaifupi, tsiku limodzi n'lalikulu. Ine ndimayankha kuti mwana wakeyo anamuchotsamo.

Ntchitoyo inatenga masana onse. Polumikizirapo panali mabawuti atatu. Limodzi linali lothyokera mkati, n'chifukwa chake mbali imodzi inkayasama. Manati awiri otsalawo anali atagwira dzimbiri, ndipo amakaniko anawanyowetsa ndi mafuta, kugogoda pang'ono, kudikira, osakakamiza sipanala. Bawuti lothyokalo analibowola pakati n'kulitulutsa zidutswazidutswa. Gasiketi yakale, yotseka mpata pakati pa manifodi ndi paipi, inatuluka yopsa, theka lake kulibe. Nkhope ziwiri za chitsulo anazipala ndi tupa, kuikapo rula yachitsulo, kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi pake, kupalanso. Mng'alu wa pa paipi, pomwe thovu linatulukira chapansi paja, anauwotcherera. Anaika gasiketi yatsopano n'kumanga manati mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono, kuti igone mofanana. Pomaliza anadula chubu chakale n'kutseka bowo la pachiwongolero.

Tinaikankhanso. Kaphokoso kaja kunalibe. Amalume atatsekanso ekizozi ndi chisanza, injini inalemedwa n'kuchilavula kutali. Nthenga inayenda polumikizira ponse osagwedezeka. Ine ndinali nditagwirabe kachitsulo ka pampu, ndipo amakaniko anandifunsa kuti ndikugwiriranji. Ndinati ikaima imazima.

"Chimenecho?"

Anatenga sipanala yaing'ono, anamasula kanati, anapotoza kabawuti kawiri, anamanganso.

"Siya."

Ndinasiya. Injini inapitiriza kulira yokha, mofatsa. Masabata asanu ndi awiri a phazi langa anali kupotoza kuwiri kwa kabawuti.

Pobwerera ndinakhala pakati, amayi kumanzere. M'galimoto munkanunkhira mpunga ndi sopo basi. Ndinkapuma mokoka, ndikumwetulira ndekha, ndikuganiza kuti mavuto onse atha: galimoto yachira, mutu usiya, ndizifika kusukulu ndili kutsogolo ngati bwana. Titafika pakhomo dzuwa lili pafupi kulowa, amalume analankhula osatsika.

"Mawa 5 koloko. Azindithandiza kumanga zingwe. Za sukulu zili momwe ndinanenera."

Amayi anatsika, ananditsitsa, anatseka chitseko bwinobwino. Sanagwade.

"Mwanayu sakweranso galimoto iyi. Ndipo sukulu sasiya."

"Ukulankhula ndi ine? Munda ukulimawo ndi wa ndani?"

"Ndi wanu, achimwene. Tengani."

Anautengadi mvula isanagwe, ndipo amayi anakhala zaka zinayi akuwokera mpunga m'minda ya eni, msana uli padzuwa, mpaka ine nditafika Fomu 3. Koma madzulo amenewo za munda sizinandilowe m'mutu. Ndinamva chinthu chimodzi chokha: sakweranso. Galimoto itakonzedwa, utsi utatha, pamene kukwera kukanayamba kukoma, amayi anandilanda malo anga.

Lachinayi m'mawa anandidzutsa kusanayere bwino. Anandipatsa mbatata yootcha yokulunga m'pepala, n'kuima pakhomo.

"Yenda. Usachedwe."

Sindinawatsanzike. Ndinayenda m'mbali mwa ngalande, mame akunyowetsa miyendo, ndikuwanena mumtima mawu onse oipa amene ndinkawadziwa. Chapakati panjira pikapu inandipeza kumbuyo, ikulira bwino, yodzaza matumba. Ndinapatuka n'kukweza dzanja. Amalume anadutsa akuyang'ana kutsogolo, fumbi lonse n'kundisiyira. Ndinati zonsezi ndi amayi. Ndinaponya mbatata ija m'ngalande.

Ndinafika kusukulu fumbi mpaka m'mawondo, m'mimba muli njala, mutu uli wopepuka. Wa hutala uja anadikira tsiku lonse, sanalize. Aphunzitsi analemba masamu khumi pabolodi, ndinakhoza asanu ndi anayi, ndipo nthawi yonseyo ndinkakonza mawu oti ndikawakalipire nawo amayi madzulo chifukwa chondiyendetsa wapansi.